Ofesi inadya makalasi pa kasukulu ka Che Jafali

Lachiwiri lapitali ndinachita manyazi oti pakanakhala una ndikanalowamo, ndipo mpaka lero mtima ukundiwawa.

Pasukulu yathu kuno kwa Mponda, ana a Sitandade 1 ndi 2 alibe denga, amaphunzirira panja. Njerwa tinaumba tokha n'kuwotcha. Kwatsala malata ndi simenti, zimene a ku boma anati atipatsa mvula isanagwe akakhutira ndi pulani yathu. Ine ndine mlembi wa komiti ya sukuluyi, choncho zonsezi ndinaziona ndi maso angawa.

Poti ambiri m'komitimu pulani ya papepala imatizunguza mutu, tinapempha Che Jafali, kalipentala wa pamsika, kuti atikhomere kanyumba ka timatabwa kosonyeza mmene sukuluyo idzaonekere. Anabwera nako atakamangirira pakaliyala ya njinga: makalasi awiri, kaofesi pakati.

“Muyeso wake ndi uwu,” anatero. “Inchi imodzi ikuimira mapazi awiri. Khomo, zenera, khoma, zonse zikumvera lamulo limodzi. Mukangosintha chimodzi, kanyumbaka kayamba kunama.”

Kodi tinawamvera? Tiwamvere ife?

A wapampando ndiwo anayamba. “Kakhomo aka, alendo olemekezeka azidzalowa chowerama? Likulitseni.” Ahedi nawo anati ofesi yawo ikuoneka ngati khola la nkhunda. Wina anati mlongoti wa mbendera utalike, ndipo apo aliyense anangoyang'ana pansi, poti za mbendera munthu sutsutsa.

“Bambo wapampando,” Che Jafali anadandaula, “thabwa lapansili silikula ayi. Ofesi ikakula idya makalasi.”

“Inu yanu ndi kupala matabwa. Zoganiza tisiyireni.”

Ine ndinali pomwepo, ndikudziwa bwinobwino kuti mmisiriyo akunena zoona. Ndinangoweramira buku langa n'kulemba kuti komiti yagwirizana. Che Jafali anakasintha kanyumbako monga momwe tinawalamulira.

Tsono Lachiwiri kunabwera mkulu woona zomangamanga wa ku boma. Amayi anavina, ife tinavala mataye padzuwa la Mangochi lino. Mkuluyo sanachuluke zolankhula. Anafunsa muyeso, anasolola rula m'thumba la malaya, n'kuyamba kuyeza kanyumbako pamaso pa anthu onse.

“Khomo ili ndi lalitali mapazi khumi ndi awiri. Muzidzalowetsamo lole? Nanga kalasi ya mapazi asanu ndi atatu mulifupi mwake, mukhala ana angati?”

Mkuluyo anabweza rula m'thumba. Anati malata sangapereke pa nyumba yosadziwika kukula kwake, tikakonze, adzabweranso mvula ikadzatha.

Abale anga, tinatani ife? Chilichonse tikamapanga, funso loyamba ndi lakuti mlendo adzaona chiyani. Yendani m'nyumba zathuzi muone. Pabalaza potakasuka, mipando yokutidwa ndi nsalu yomwe sakhalapo munthu, koma kuchipinda kwa ana kulibe ndi zenera lomwe. Ndi chija amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti timaitana mmisiri chifukwa iye akudziwa ndipo ife sitidziwa. Akatsegula pakamwa timamukumbutsa kuti alibe udindo. Rula siiopa wapampando, imangoyeza basi.

Mwina mukuganiza kuti taphunzirapo kanthu. Dzulo komiti inakumananso, ndipo mlandu wagwera Che Jafali. Akuti anatipangira kanthu kakang'ono konyozetsa mudzi, ndiye tikasake kalipentala wina ku Monkey Bay atikhomere chachikulu chonyamula anthu anayi. Ulendo uno ndinayesa kukweza dzanja. Anandiuza kuti mlembi ntchito yake ndi kulemba.

Potuluka ndinakumana ndi Mayi Chiwaula, aphunzitsi a Sitandade 1, atanyamula bolodi pamutu, uku mitambo itada kale cha ku Namwera.

“Alembi,” anandifunsa, “ikayamba kugwa ndiziwabweza anawa, kapena tizinyowa limodzi?”

Inu mukanawayankha chiyani?