Nthutumba ya Mayi Kapalamula

Mayi Zelipa Kapalamula timapemphera nawo mpingo umodzi ku Scarborough, kuno kutsidya kwa nyanja. Zambiri zimene ndalemba pano anandiuza okha, koma za ku Oshawa ndinaziona ndi maso anga. Nditawawerengera anavomereza, ngakhale anati ndachulutsa za nkhuku.

Anabadwira ku Lizulu, m'boma la Ntcheu. Akuti kwawoko Khirisimasi inkayamba dzulo lake, bambo awo akafika ndi mpunga ndi mabotolo a Fanta, amene ankaikidwa kuseri kwa mtsuko kuti azizire. M'mawa kunali buledi ndi tiyi wamkaka, kenako kutchalitchi atavala diresi yatsopano, mvula ili chigwere. Masana ndiye mpunga ndi nkhuku. Ana ankalimbirana khosi ndi zipalapasiro, koma nthutumba panalibe woiyang'ana kawiri. Imeneyo inali ya bambo. Nkhuku yofika pamphasa yopanda nthutumba unali mlandu.

Atakwatiwa ndi a Medson, amene anali mphunzitsi, nthutumba inapeza mwini watsopano. Anabwera kuno mwana wawo woyamba, Ulemu, ali kumbuyo, ndipo Kevin anabadwira konkuno. A Medson anapeza ntchito kumalo osungira katundu ku Mississauga, mayi nawo anayamba yosamalira okalamba, imene akugwirabe.

Khirisimasi yawo yoyamba kuno inawaliza. Nkhuku ya m'sitolo inali yofewa ngati papaya, m'mimba muli mbee. Patapita nthawi anapeza kashopu kena kogulitsa nkhuku zolimba, zamutu ndi mapazi omwe. Komweko nthutumba zinkagulitsidwa m'mapaketi, ndipo a Medson ankaseka kuti, "Dziko lino aliyense ndi mwini nyumba." Mayi sankagula paketi. Ankapempha imodzi yokha, n'kuiphikira limodzi ndi nkhukuyo, n'kuiika pambali m'kambale kamaluwa. Ana ankapempha pitsa, anansi ankaotcha nkhukundembo, koma m'nyumba ya a Kapalamula munali mpunga, nkhuku ndi kambale kaja.

A Medson anatisiya chaka chatha, chisanu chikutha. Disembala atafika, mayi analembetsa kuti adzagwira ntchito tsiku la Khirisimasi. Ulemu atawafunsa, anayankha mwachidule: "Ndiphike nkhuku, nthutumba ndipatse ndani? Khirisimasi yanga inapita ndi bambo ako."

Ulemu sanagonje. Iye amakhala ku Oshawa ndi mwamuna wake Norbert, wa ku Chipata. Anawauza mayi ake kuti akaweruka angokwera sitima, sakaphika kanthu, ndipo nkhuku sikudzakhala. Ine ndinapemphedwa kuti ndiwaperekeze, poopa kuti angabwerere panjira.

Tinafika madzulo, chipale chofewa chili mbuu panja. Patebulo panali chakudya cha azungu chotchedwa lazanya, saladi, mbatata yosinja ndi chikanda chimene Norbert anaitanitsa kwa anzake. Pakati panali nkhukundembo yaikulu yootcha. Mayi anakhala pampando osavula jekete.

"Mwaswera bwanji, amama? Manje onani, mpongozi wanu waphika ngati hotela," anatero Norbert.

"Iwe usaname, wangobweretsa chikanda," anatero Ulemu. "Nkhukundemboyi waotcha Kevin. Kevin, unaidifurosita bwinobwino koma?"

"I followed the video," anayankha Kevin, amene Chichewa amamva koma kuyankha ndi Chingerezi basi.

Norbert anayamba kudula. Mpeni utalowa m'kati unakodwa, ndipo anatulutsa kathumba kapepala kofuka nthunzi. Mwina ena sadziwa: nkhukundembo za kuno zimabwera ndi zam'kati zake m'kathumba, ndipo umayenera kuchotsa usanaotche. Kevin sanachotse. Kathumbako katang'ambika, pambale panagwa chiwindi, mtima ndi nthutumba yaikulu ngati chibakera cha mwana.

Chinthu chimene mayi anachizemba tsiku lonse chinali pamaso pawo.

Mayi anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mupatseni Kevin. Ndiye mwamuna amene watsala."

"Mum, no. I can't eat that," anatero Kevin. Ataona nkhope ya mayi ake, anayesa Chichewa. "Pepani. Mupatse Norbert. Ndi nyumba yake."

Norbert anaika mpeni pansi, n'kuomba m'manja. "Ine? Nidye nthutumba apongozi ali pamenepo? Mufuna kwathu akamve kuti ninalibe mwambo?"

Mayi anaweramira chikwama chawo. "Basi, tayani. Ndinanena ine." Ndinaona kuti akufuna kunyamuka.

Ulemu anatola nthutumba ija n'kulowa kukhitchini. Tinamva mafuta akulira, kenako fungo la anyezi ndi tomato. Atatuluka anali ndi kambale kamaluwa kaja, kamene anakatenga kwa mayi ake pambuyo pa maliro. Anagwada pansi, diresi ya Khirisimasi ili m'thupi.

"Amayi, lendi ya ku Scarborough amalipira ndani? Ife tikadwala timaimbira ndani? Mwini banja lino ndi inu. Landirani."

"Iwe, mkazi sadya zimenezi."

"Ananena ndani?"

Mayi analandira kambale kaja ndi manja awiri. Anandiuza pambuyo pake kuti nthutumba anaiphika kuyambira ali mtsikana, koma anali asanailaweko, ngakhale mobisa.

Anasamba m'manja. Anadula kachidutswa, natafuna, natafunabe. Ife maso onse pa iwo.

"Ndiye chinthu chake n'cholimba chonchi?" anatero. "Zaka zonsezi a Medson ankandithokoza chifukwa cha mphira?"

Norbert ndiye anayamba kuseka, tonse n'kutsatira. Mayi anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafulumire kuleka. Panalibe amene anawatonthoza. Anamaliza nthutumba yonse, kenako anavula jekete n'kupempha kuti awagawireko lazanya pang'ono. Anati ikusowa tsabola.

Chaka chino sanalembetse ntchito. Kushopu kuja awasungira kale nkhuku yolimba, ndipo Khirisimasi idzadyedwa ku Scarborough. Kevin waloledwa kubweretsa chilichonse chimene angaphike, bola ayambe wasuzumira m'kati. Nditawafunsa kuti kambale kamaluwa kadzaikidwa patsogolo pa ndani, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mano ndikadali nawo," anatero.