Chitseko Chopita Kuchipatala

Msewu wa tala umathera pa mpanda wa nyumba yomaliza ya anthu a magalimoto. Suyamba kuwonongeka kaye kuti munthu ukonzeke mtima ayi, umangothera pomwepo ngati wina anaudula ndi mpeni. Kupitirira apo ndi chitunda, miyala, ngalande za madzi otsukira mbale, ndi nyumba za anthu ena onse. Ambulansi nayo imathera pomwepo. Aliyense wa kumtunda amadziwa kuti ukafuna kudwala kwambiri, uyambe waganiza za mmene utsikire.

Kumtunda kumeneko kuli bambo wina wosoka nsapato amene anthu amangomutchula kuti Achitseko. Dzina lenileni ali nalo, koma ngakhale akazi awo amalikumbukira pokhapokha akakwiya. Anafika m'derali ali mnyamata wopanda ndevu, atanyamula kabokosi ka zisongole ndi ulusi, n'kukhala pakhonde la golosale. Mpaka lero ali pakhonde lomwelo, kungoti golosaleyo yasintha eni ake kangapo ndipo ndevu zinabwera n'kuchita imvi. Si munthu wolankhulalankhula. Ukawapatsa nsapato amaitembenuza, n'kuiyang'ana pansi, kenako n'kukuyang'ana iwe ngati wawalakwira.

Anakwatira mtsikana wosoka zovala, amene anawachenjeza chikwati chisanachitike.

“Ine ndili ndi mphumu. Pachifuwa panga pamalira mluzu. Ngati simukonda phokoso, pitani kwina.”

“Inenso ndimaliza mkonono,” anatero iwo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chitseko chimene chinawapatsa dzinalo anachitola pamene anthu ankagwetsa sitolo ina yakale kumunsi. Chinali chachikulu, cha matabwa ochindikala, chotambalala moti pakhomo pa kanyumba kawo sichinakwane. Munthu wina akanachicheka. Iwo anagumula khoma.

Tsiku loyamba mphumu itawagwira mayiwo zenizeni kunali masana dzuwa likuswa mtengo. Kabotolo kopopera m'kamwa kanalephera ntchito. Achitseko anawabereka kumsana, koma chifuwa chinkapanikizika, milomo n'kuyamba kutuwa. Anawatsitsa pansi, osadziwa chochita. Mnansi wawo wowotcherera zitsulo ndi amene anakuwa kuti, “Zulani chitseko, achimwene!” Anachizula ndi nyundo, n'kuwakhazika mayiwo pamenepo atatsamira pilo, amuna anayi n'kutsika nawo mpaka pa tala. Kuchipatala namwino ananena kuti akanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina.

Kuyambira pamenepo chitsekocho sichinakhomedwenso mwa masiku onse. Achitseko anachotsa timapini ta m'mahinjesi n'kuikamo misomali italiitali yoti ungoisolola ndi zala. Amaithira mafuta a makina osokera a akazi awo, akazi awowo akudandaula kuti mafuta akutha. M'mbali mwake anakhomamo timitengo togwirira. Chitsekocho ndi cha mayiwo, ndipo iwo amadziwa zimenezo ngakhale sananenepo.

Koma abale, chinthu chothandiza sichibisika. Posakhalitsa wina anabwera akuthamanga kuti mkazi wake matenda ayamba, mwana sakutuluka. Kenako wina wapsa ndi mafuta otentha, wina wagwa padenga, wina amutema ndi botolo kumowa. Ukanakana bwanji? Chitseko chinayamba kutsika chitunda kuposa mwini wake. Chikapita, nyumba imangokhala yasa, nkhuku za eni zikulowa n'kumayendera pansi pa bedi, mayiwo akupalasa makina awo ngati palibe chachilendo. Akuba sanalowepo. Wakuba wodziwika wa m'deralo mayi ake anatsikapo pachitseko chomwecho, ndiye anauza anzake kuti nyumba imeneyo ndi yotseka.

Anthu amati Achitseko ndi munthu wolimba mtima. Bodza. Nthawi iliyonse akamatsika atanyamula munthu wina, makutu awo amakhala kumbuyo. Amaopa. Amaopa kuti tsiku lina mluzu udzalira chitseko chili kumunsi ndi mlendo. N'chifukwa chake akangomupereka wodwala m'ambulansi sadikira zikomo, amachisenza pamutu n'kukwera chitunda ali wefuwefu, anthu n'kumati koma bambo awa ndi odzichepetsa.

Woyendetsa ambulansi ya dera limenelo ndi mayi wamfupi, wa nkhope yosaseka, amene onse amati Adalaivala. Amabwerera chammbuyo mpaka matayala atagunda mwala woyamba, n'kutsegula zitseko, n'kudikira. Iwo ndi Achitseko adziwana zaka zambiri, koma nkhani zawo zonse ndi “Mutu kaye” ndi “Gwirani uko”. Ndi mayi ameneyu amene anakatchula za chitsekocho ku khonsolo, atamva kuti kukubwera tsiku lolemekeza anthu amene amayamba kufika pangozi. Ankaganiza kuti akuchita bwino.

Anabwera akuluakulu awiri a mataye. Anaima pothera tala, n'kuyang'ana chitunda, n'kuyang'ana nsapato zawo, kenako anaimba foni kuti Achitseko atsike. Anawauza kuti akaonekere ku holo ya khonsolo atavala bwino, ndipo chitsekocho achibwereke chitsogole, anthu akachione ndi maso.

“Ayi,” anatero Achitseko.

Inali nyengo ya mphepo ndi fumbi, nyengo imene pachifuwa pa mayiwo sipachedwa kutseka. Koma atakafotokoza kunyumba, mayiwo anaimitsa makina.

“Mwakana? Inu abambo, mutu wanu ukuyenda bwino? Apatseni. Mwina akaona chitseko akumbukira msewu.”

“Nanga chikakugwirani?”

“Chindigwire lero, zaka zonsezi chinali kuti? Pitani mukalemekezeke, nanenso ndikhaleko mkazi wa munthu.”

Chitseko chinatsika chopanda wodwala kwa nthawi yoyamba, ndipo pakhomo anapachikapo nsalu.

M'mawa mwake Achitseko anavala jekete la ukwati wawo, limene linakana kumangika mabatani. Mayiwo anatsala, poti kutsika chitunda pa fumbi lotere kukanakhala kudziputira. Mu holo munadzaza. Ozimitsa moto anakhala kutsogolo zipewa zili pamaondo, anamwino mayunifolomu ali mbee, apolisi, ndi Adalaivala atakhala kumapeto ngati akudikira wodwala. Pansanja, pakati pa maluwa apulasitiki, panaima chitseko. Achitseko anachizindikira ndi timitengo togwirira basi. Anali atachipala bwinobwino, n'kuchipaka vanishi wonyezimira moti munthu ukanametera ndevu pamenepo. Pamwamba analembapo mawu oyamikira ndi penti wagolide.

Zolankhula zinayamba m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mkulu wa khonsolo analankhula bwino, tisamunamizire. Anati n'zomvetsa chisoni kuti m'dera limodzi ena ambulansi imawapeza pakhomo pomwe ena amatsika pachitseko. Anati kusiyana kumeneku kuyenera kutha, ndipo pakhazikitsidwa komiti yoti ione mmene kungathere. Anthu anaomba m'manja. Achitseko anadikira mawu oti msewu, koma mkuluyo anali atafika kale pothokoza amene anakongoletsa holo.

Kenako anayamba kuveka mamendulo. Ozimitsa moto, anamwino, Adalaivala. Pomaliza anaitana Achitseko, ndipo anyamata a khonsolo anakankha kuchokera kuseri bedi lachitsulo la matayala, latsopano, mapulasitiki asanachotse.

“Kuyambira lero,” anatero mkuluyo, “anthu a kumtunda sadzanyamulidwanso pachitseko ngati katundu. Bedi ili ndi lanu. Ndipo chitseko ichi chikhala muno mu holo mpaka kalekale, kuti ana athu adzaone kumene tachokera.”

Ha, m'manja munaombedwa! Ena mpaka anaimirira. Wina anawapatsa Achitseko maikolofoni kuti anenepo mawu. Iwo anaigwira ngati nsapato yonyowa.

“Zikomo,” anatero. “Koma chitsekocho ndi cha nyumba.”

Holo yonse inafa nacho chiseko.

“M'nyumbamo muli munthu.”

Anaseka kuposa poyamba. Mkulu wa khonsolo anapukuta misozi, n'kuwasisita paphewa, n'kunena kuti chimene amawakondera anthu a kumtunda ndi chimenechi, mavuto ali tho koma nthabwala sizitha. Maikolofoni inatengedwa. Analengeza kuti zakumwa zili m'chipinda cha kumbali, ndipo anthu anakhamukira kumeneko, olemekezedwa ndi olemekeza omwe.

Achitseko anatsala ataima pansanja, mendulo ili pakhosi. Kunja mphepo inkamenya malata a holo. Mtima wawo unali utakwera kale chitunda, ndipo kunena zoona anafuna kulira, koma analibe poyambira. Adalaivala anabwera n'kugwada, n'kuzunguza tayala limodzi la bedi lija ndi chala.

“Matayala abwino,” anatero. “Akungofunika msewu.”

Anaimirira n'kuyang'ana chitseko, kenako anayang'ana Achitseko.

“Ndinalakwitsa ine. Gwirani uko.”

Anachinyamula n'kutulukira khomo la kumbuyo. Mlonda wa pageti ataona anthu awiri a mamendulo atanyamula chinthu chonyezimira, anaimika sawasha n'kuwatsegulira. Anachilowetsa m'ambulansi chopendekeka, Achitseko n'kukhala pambali pake atachigwira kuti chisagwe. M'tauni munali mzere wa magalimoto. Adalaivala anapirira pang'ono, kenako analiza sayirini, magalimoto onse n'kupatukira chitseko.

Pothera tala anawathandiza kusenza.

“Ndidikira pang'ono,” anatero Adalaivala.

“Palibe waitana.”

“Mphepo iyi ndaiona.”

Achitseko anakwera. Jekete linang'ambika kukhwapa, fumbi likuwalowa m'maso, chitseko chikukokedwa ndi mphepo uku ndi uku. Asanafike anaona anthu ataunjikana pakhomo pawo. Wowotcherera zitsulo anali pa nyumba yoyandikana nayo akulimbana ndi chitseko cha wometa tsitsi, kachitseko kopyapyala kokhomedwa ndi misomali yadzimbiri, kakukana kuzuka. Atawaona anataya nyundo.

“Achimwene, fulumirani! Chawayamba kalekale, foni yanu simukuyankha!”

Foniyo a khonsolo anali atawauza kuti aizimitse mwambo usanayambe.

Mayiwo anali pansi atatsamira mwendo wa makina, mapewa akukwera ndi kutsika, kabotolo kopopera kali m'manja kopanda kanthu. Mluzu unkamveka mpaka panja. Chitseko sichinafike n'komwe pa mahinjesi. Anachigoneka pabwalo, n'kuika pilo, n'kuwakhazika, amuna anayi n'kugwira timitengo. Atangopendeketsa kuti ayambe kutsika, mayiwo anatsetsereka ndi pilo yemwe, ngati sopo pa simenti yonyowa. Wometa tsitsi anawagwira mwendo atatsala pang'ono kugwera m'ngalande.

“Achipaka chiyani chimenechi?” anakuwa wowotcherera zitsulo.

“Ulemu,” anatero Achitseko. Anasiyira mnzawo kamtengo kawo, n'kupita kutsogolo, n'kutembenuka. Mapazi a akazi awo anawaponda pachifuwa, iwo atawagwira m'maondo, n'kuyamba kutsika chammbuyo, osaona kumene akuponda. Njirayo miyendo yawo inkaidziwa, koma sinayendepo chotere. Anapunthwa, n'kudzuka, n'kupunthwanso. Sanasiye maondowo.

“Musandisiye, mayi,” ankatero, anthu onse akumva. “Ine ndekha sindingathe. Mukumva? Sindingathe.”

Mayiwo anatsegula maso n'kuona mendulo ikulendewera pakati pa mapazi awo. Mawu ankatuluka limodzilimodzi.

“Mwa… lemekezeka?”

“Eya.”

“Msewu?”

“Apanga komiti.”

Anatsekanso maso. Kaya kunali kuseka kaya kubanika, palibe anadziwa.

Pansi ambulansi inali pomwe anaisiya, injini ikulira, zitseko zili zotsegula, botolo la mpweya litakonzedwa kale. “Mutu kaye,” anatero Adalaivala. Anawaveka chophimba pamphuno, n'kudikira, dzanja lili pamsana pawo. Mapewa aja anayamba kutsika pang'onopang'ono. Milomo inabwerera mtundu wake. Achitseko anakhala pansi pa tala penipeni, jekete lili mbali, akupuma ngati wodwala ndi iwowo.

“Kwerani, tizipita,” anatero Adalaivala.

Iwo anayang'ana chitseko chimene chinali chitagona pa miyala, kenako anayang'ana akazi awo. Mayiwo anakweza chophimba chija pang'ono.

“Kwerani, abambo. Achimwene owotchererawa akachibweza. Koma asachipachike.” Anapuma kaye. “Achipale chiyambe chasiya kuterera. Mawa kudwala wina.”