Nambala Imene Amuna Anga Ankaikonda

Tisanabwere ku Joni, amuna anga anali mphunzitsi wa masamu. Kuno ntchito ya choko sanaipeze. Ankanyamula zitsulo pa fakitale ina ku Wadeville, ine ndikuchapa ndi kusita m'nyumba ya azungu ku Elsburg. Tinkagona m'kanyumba ka malata ku Katlehong, kuseri kwa nyumba ya eni malo.

Koma masamu sanawasiye. Nambala iliyonse imene aiona, kaya pa minibasi kaya pa chitseko cha sitima, ankaiphwanyaphwanya pakamwa mpaka apeze tinambala timene taimanga. Imene ankaikonda koposa inali 720720.

"Iyi ndiye nambala yofatsa, mayi," ankatero. "Muigawe ndi 2, ndi 3, ndi 4, kukwera mpaka 16, sikutsala kanthu ngakhale kamodzi. Woyamba kuikanika ndi 17. Pamenepo pamatsala 5."

Ankati mkati mwake muli ma 2 anayi ndi ma 3 awiri, kenako 5, 7, 11 ndi 13, zonse zochulukitsana. Ine ndinkangoti, "Nanga tidya nambalayo?" Iwo n'kuseka mpaka kutsokomola.

Zaka zimenezo m'sitima zopita ku Germiston munali ziwawa. Tsiku lina m'mawa munalowa anthu a zikwanje m'sitima imene amuna anga anakwera. Pothawa, anthu anakankhana mpaka pakhomo, amuna anga n'kugwera kunja sitima ikuyenda. Mutu unamenya pa miyala ya m'njanji.

Sanafe. Kuchipatala anandizindikira, ndipo mawu anabwerera pang'onopang'ono. Atatuluka ndinkathokoza Mulungu, poganiza kuti chatsala ndi chilonda chokha.

Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi tinakhala panja kuwothera dzuwa. Pofuna kuwasangalatsa, ndinatola kamtengo n'kulemba nambala ija pa dothi.

"Mukuikumbuka iyi?"

Anaiyang'ana nthawi yaitali. "Ndi foni ya ndani?"

Ndinawauza zonse zimene ankandiuza iwo eni, za 16, za 17 woikanika uja. Ankamvetsera mwaulemu ngati mlendo.

"Tangoyesani kuigawa ndi 2," ndinatero.

Anayamba kupinda zala. Anafika pa chala chachitatu, n'kuyambiranso. Kenako ndinaona misozi ikutsikira m'ndevu.

"Ndikudziwa kuti ndinkazidziwa," anatero. "Fufutani, mayi."

Ndinafufuta ndi phazi.

Ku fakitale anali atalemba kale munthu wina. Tinasamukira ku Tsakane kwa alamu anga, mlongo wawo, amene ankagulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu. Amuna anga ankakhala pa kreti pambali pawo, kuingitsa ntchentche tsiku lonse. Sankadandaula. Ankangofunsa kuti tipita liti kwathu.

Patapita nthawi achimwene awo anabwera kudzawatenga. Ine ndinatsala, chifukwa mankhwala awo ankadalira ntchito yanga. Pokwera basi amuna anga anandigwira dzanja, nati, "Musachedwe."

Ndinalonjeza kuti ndibwera pa Khirisimasi. Abwana anga anakana, ati kukubwera alendo. Amuna anga anamwalira mvula ili mkati, chimanga chitayamba ngaiyaye. Uthenga unandipeza ndikuyanika zovala, ndipo pofika kumudzi ndinapeza ataika kale. Apongozi anga anandiperekeza kumanda, n'kuima patali kuti ndilire ndekha.