Njinga Yonyamula Apongozi

Chaka chimene makuponi a feteleza anatifika bwino ku Chulu, ine ndinayamba kuyenda modzimva. Chimanga chinadzaza nkhokwe mpaka tinamanga ina, ndipo kwa nthawi yoyamba ndalama za fodya sizinathere kogula chakudya. Mabelo atangogulidwa ku okushoni, ndinauza mkazi wanga kuti zotuluka thukuta ndi njinga yakapalasa ndasiya, ndikugula njinga yamoto.

Njingayo ndinali nditaisankha kale mumtima. Inali m'sitolo ina paboma, yofiira, yowonda m'chiuno, mpando wake waufupi wotukuka kumbuyo ngati mchira wa tambala. Ndikapita kukagula ziguduli zodindira fodya ndinkaima pazenera kuiyang'ana mpaka mlonda ankandipatsa moni.

"Gulani," anatero mkazi wanga. "Koma ulendo woyamba ndi wa amayi, ku Simlemba."

Apongozi anga anali ndi akulu awo amene anakwatiwa kumeneko kalekale. M'mimba mwawo anali atatsala awiri okha. Uthenga unali utabwera kuti akuluwo maso ayamba kuchita ng'ala, munthu amamuzindikira akayandikira penipeni, ndipo akufuna aone nkhope ya mng'ono wawo kusanade. Apongozi maondo anali atawakana. Kukwera lole ya fodya sakanatha, ndipo pa kapalasa mtunda umenewo akanafika atathyoka msana.

Vuto linali limodzi. Ine ndinali pachikamwini, ndipo ndi apongozi tinali tisanalowane. Tikakumana panjira iwo ankapatukira m'tchire mbali iyi, ine mbali iyo, moni n'kumapatsana titafulatirana. Anali asanandionepo ndikudya. Akafuna kuti ndifolere khitchini, mawu ankadzera mwa mwana wawo, ngakhale ine ndili pomwepo ndikumva zonse. Tsono munthu woti ngakhale chitenje chake chisakukhudze, umamunyamula bwanji panjinga tsiku lonse?

Ndinayesa kuzemba. Ndinati tipeze munthu wina awaperekeze.

"Mlendo anyamule amayi, mkamwini njinga ili pakhonde?" anatero mkazi wanga. "Mukufuna ndizikatunga madzi usiku chifukwa cha manyazi?"

Ndiye tinapita paboma tonse awiri, iye atasenza kathumba ka mtedza. Mtedzawo unali mphatso ya ku Simlemba, komanso ndiwo unayenera kukhala khoma pakati pa ine ndi apongozi.

Mwini sitolo anali bambo wonenepa, kamtengo kotokosera m'mano kali pakamwa. Ndinaloza yofiira ija, n'kukwerapo. Mkazi wanga anakhala kumbuyo chammbali, miyendo yonse mbali imodzi monga amakhalira amayi aulemu, n'kuyesa kulowetsa kathumba pakati. Malo panalibe. Mpando wotukuka uja unangomutsetsereka mpaka anadzandigunda pamsana.

Bambo uja anaseka. "Mayi, thumbalo likhale kumbuyo, inu muwagwire bambowa m'chiuno. Njinga imeneyi anaipangira zomwezo."

"Wokwera si ine," anayankha mkazi wanga. "Ndi amayi anga."

Bamboyo anandiyang'ana. "Munalowana?"

Ndinapukusa mutu. Analavula kamtengo kaja.

"Tsikanipo msanga pamenepo, achimwene."

Anatitengera kuseri, kumene kunali njinga yakuda, yosaoneka bwino ngakhale pang'ono. Mpando wake unali wautali, wathyathyathya ngati benchi ya m'tchalitchi, kaliyala wotambalala, thanki yaikulu, masipuling'i awiri onenepa kumbuyo. Anati imeneyi ndi imene amagula alangizi ndi azaumoyo, anthu oswera pamsewu. Anandikhazikapo n'kundionetsa kuti zogwirira zake n'zokwera, munthu suwerama ngati ukupalira. Kenako anandiuza kuti ndingokhala pomwepo, osatsika, iye akathandize makasitomala ena. Akabwera ndimuuze ngati matako adandaula.

Ndinakhala pamenepo ngati chitsiru, anthu akudutsa n'kumandiyang'ana. Matako sanadandaule. Mkazi wanga anakwera, kathumba kanalowa, malo n'kutsalako. Tinapita nayo kwa wowotcherera amene anaika kathabwa kachitsulo kopondapo mapazi onse awiri, ndi chogwirira china pakaliyala. Kunena zoona mtima unandipweteka. Potuluka sindinayang'ane n'komwe kumene kunali yofiira.

Ndinaphunzira kuyendetsa pabwalo la mpira, thumba la chimanga lili kumbuyo m'malo mwa apongozi. Thumbalo ndinaligwetsa kangapo, tsiku lina ndinakalowa nalo m'munda wa chinangwa wa eni ake. Mkazi wanga anandilola kunyamuka pokhapokha litasiya kugwa.

Tinanyamuka m'mawa wozizira, mwera ukuwomba. Apongozi anatuluka atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, ndipo mwana wawo anawaveka chipewa cha njinga pamwamba pa duku. Ine ndinali nditakwera kale, maso kutsogolo.

"Uwauze asathamange," anatero kwa mwana wawo.

"Uwauze ndamva," ndinatero ine.

Titangotuluka m'mudzi ndinazindikira kuti wotinenera tamusiya kunyumba. Tinayenda chete, kudutsa minda ya ziputu za fodya ndi zigafa zopanda kanthu, fumbi likutitsatira. Titalumpha kadzenje kena ndinamva mawu kumbuyo.

"Njinga iyi ikanachepetsako liwiro."

Ndinaganiza pang'ono. "Njinga yamva," ndinayankha.

Basi, tinapeza njira. Njinga inauzidwa kuti iime apongozi awongole miyendo. Njinga inafunsidwa ngati yamwa madzi. Titafika pa tala, mphepo ikulira m'makutu, njinga inauzidwa kuti tsopano ikhoza kuthamangako, ndipo ndinamva nyimbo ya m'tchalitchi ikutuluka m'chipewa muja. Apongozi anayamba kuiuza njinga za midzi imene tinkadutsa, kumene anavinako chimtali ali namwali, ndi kumene kunali mnyamata wina amene anamukana chifukwa cha makutu. Zaka zonse zija ndinkawaona ngati munthu wosaseka. Ndinaseka mpaka misozi inandisokoneza kuona msewu.

Titasiya tala n'kulowanso m'fumbi, dzuwa lili pamutu, tinatsikira padambo lina. Mchenga wake sindinauone msanga. Tayala lakutsogolo linayamba kuvina, lakumbuyo n'kupita kwake. Kathumba kanauluka. Ndiye ndinamva manja awiri akundigwira jekete mwamphamvu, chipewa chikundigunda pakati pa mapewa.

"Mwana wanga, tafa!"

Sitinafe. Ndinapondetsa mapazi pansi, njinga inapendama n'kuzima, koma sinagwe. Manja aja anakhalabe pomwepo kanthawi, kenako anachoka pang'onopang'ono. Ine thukuta, osati la mchenga ayi, la manyazi.

Kathumba kanali kataphulika, mtedza uli mbwee. Ndinatsika n'kuyamba kutola. Apongozi anatsikanso, anagwada movutikira ndi maondo awo aja, n'kumatola mbali yawo. Mtedza sudziwa malire, ndipo posakhalitsa tinapezeka tikutola pamalo amodzi, mitu itayandikana. Anandiyang'ana kumaso koyamba chikwatirireni mwana wawo. Anayesa kudzigwira, koma phwete linawatuluka.

"Limangeni kumbuyo thumbalo, bambo," anatero. "Landipanikiza kuyambira kunyumba."

Ku Simlemba tinapeza akulu awo ali pakhonde akusenda nyemba. Atamva kulira kwa njinga anaitana mdzukulu kuti abweretse mpando, kwabwera alangizi. Apongozi anavula chipewa, anayenda mwakachetechete n'kukakhala pamphasa pafupi nawo. Gogoyo anatsinzinira, anasendera. Kenako anagwira nkhope ija ndi manja onse awiri n'kuitembenuzira kudzuwa. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira pachipumi mpaka pachibwano.

"Iwe," anatero. "Wakalamba chomwechi osandiuza?"

Analira onse awiri, kenako anayamba kuseka, kenako kuliranso. Ine ndinaima pafupi ndi njinga n'kumapukuta thanki imene inalibe vuto lililonse. Chimwemwe chimene ndinamva tsiku limenelo sindinachimvepo ngakhale pogulitsa fodya.

Akuluwo atafunsa amene wawabweretsa, apongozi anati ndi mkamwini, n'kufotokoza za mchenga uja, akuwonjezera ndithu, ngati tinawoloka mtsinje wodzaza.

"Yewo, adada," anatero akuluwo, Chitumbuka cha kumeneko chitawalowa. "Nanga munalowana liti anthu inu?"

"Padambo paja," anayankha apongozi.

"Ndiye nkhuku yake ndipereka ine."

Madzulo amenewo ndinadya pamphasa imodzi ndi apongozi, ndipo chiwindi anandipatsa ndi dzanja lawo.

Njinga yofiira ija anaigula mnyamata wina wa paboma. Ndinkakumana naye nthawi zina ataima m'mbali mwa msewu akudziwongola msana, ndipo ndinkamuimbira hutala mwaulemu. Yanga yakudayo inanyamula feteleza, odwala, ngakhale mbuzi, koma m'mudzi monse ankangoitcha ya apongozi.

Mvula yoyamba isanagwe chaka chomwecho, maso a akulu aja anatsekeka. Tinkapitabe chaka chilichonse fodya akatha, opanda kathumba pakati. Iwo ankatizindikira tili kutali ndi kulira kwa injini, n'kuyamba kukonza malo pamphasa. Ulendo wina apongozi anawadandaulira kuti imvi zawachuluka ndipo mano awiri apita.

"Zimenezo uzikauza ena," anatero akuluwo. "Ine ndinakuona tsiku lija. Ukadali chomwecho."