Makiyi a Lole Patebulo Langa

Kodi kudziwa kuti munthu amangopezeka ali m'dziko osafunsidwa, ndi kuti mathero ake ndi imfa, kungamuuze zoyenera kuchitira mnzake? Ndili ku yunivesite funsoli ndinkaliyesa lophweka. Linadzandivuta ku Makata, m'kaofesi kopanda zenera komwe ndimagawira madalaivala maulendo pafakitale ina.

M'mawa wina kunabwera dalaivala wathu wa lole, bambo achikulire a ku Mpingwe, Asilamu. Anaima pakhomo osafuna kukhala.

"Achimwene, mayi atisiya m'bandakucha. Mwambo wathu mukuudziwa, maliro sagona. Tiika lero lomwe, ikangotha swala ya masana."

Lole yawo inali itapakiridwa kale katundu wopita kuchipata cha Mwanza, ndipo dalaivala wina panalibe. Mphamvu zowamasula ndinalibe. Ndinakwera m'mwamba kwa manijala, yemwe tinaphunzira naye kalasi imodzi, ndi kumukumbutsa zomwe tinkawerenga limodzi m'maphunziro a filosofi ku yunivesite: kuti imfa ndiyo imachititsa moyo wa munthu kukhala wakewake, wosasinthanitsika ndi wa wina. Choncho, ndinatero, bambowa tisawaone ngati tayala la lole.

Anaseka pang'ono. "Aise, mutu uja sunathere pamenepo. Munthu ndi mfulu, amasankha yekha, zotsatira zake amasenzanso yekha. Ine sindinawamange. Geti ndi lotsegula. Kungoti lole ikagona pano, mawa asabwere."

Ndinafunafuna polakwika m'mawu akewo, koma sindinapapeze. Tonse tinatunga pachitsime chimodzi. Maphunzirowo ankafotokoza bwino lomwe mmene munthu alili, koma atafika poti ndani agonjere mnzake, anakhala chete, ndipo aliyense wa ife anaikapo zomwe mtima wake unkafuna kale. Chifundo changa ndinachoka nacho kwathu. M'mabuku ndinangobwerekamo mawu ochiveka.

Ndinatsika ndi kupereka uthengawo monga unalili, osauzembaitsa.

"Ndamva, achimwene," anatero bambowo. "Inu musavutike nazo. Mwangotumidwa."

Anaika makiyi patebulo langa, nkutuluka. Sindikunena kuti ankadziwa zoposa ife. Kusiyana kunali kwakuti iwo anali ndi chowalamula, pamene ine ndinali ndi chongofotokozera zinthu. Lole inagona, ndipo ntchito yawo inathera pomwepo.

Masiku ano amayendetsa minibasi ya pakati pa Limbe ndi m'tauni. Ndikakwera yawo pochokera ku Chinyonga timapatsana moni mwaulemu, amafunsa za ana anga, ndipo za tsiku lija sitizitchula. Nthawi zina, tikatsekeka mumsewu pa Chichiri, ndimayambanso kusanja mfundo zomwe zikanamugonjetsa manijala uja popanda kupempha mtima wake. Mpaka lero sindinapeze ngakhale imodzi yomwe sakanatha kuitembenuza.

Ndidakali m'kaofesi komweko, chifukwa ntchito m'tauni muno sisiyidwa wamba. Lamulo la manijala lija, loti lole isagone, silinasinthe. Ambiri mwa madalaivala athu ndi Asilamu, ndipo makolo awo akukalamba.