Fumbi la Pabwalo Pathu ku Kasanda

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amai anandipatsa tsache nati, "Ndiwe mwana wamkazi, kuyambira lero bwalo ndi lako." Tinkakhala ku Kasanda, pafupi ndi mgodi wa mtovu umene unali utatsekedwa kale, kumene agogo anga aamuna anathyokera msana atachoka ku Katete.

Amai anali aukhondo woopsa. M'mawa uliwonse ndinkabereka mlongo wanga Yohane, khanda la chaka chimodzi, n'kusesa kuyambira pakhomo mpaka kumsewu. Kaudzu kakangomera ndinkakazula, chifukwa kwa amai udzu pabwalo unali umboni wa ulesi. Fumbi linkachita kuti koboo, m'kamwa n'kumamveka ngati wanyambita chitsulo. Yohane ankayetsemula kumsana kwanga, ine n'kumaseka. Ndikatha ndinkamukhazika poyera pomwepo, iye n'kumatapa dothi kuponya m'kamwa monga achitira ana onse.

Yohane anachedwa kuyankhula. Atayamba sukulu, zinthu sizinkalowa m'mutu. Aphunzitsi ankamutcha mbuli, atate ankamukwapula ndi lamba ati ndi mphwayi, ineyo ndinkamukoka makutu pomuphunzitsa kulemba dzina lake. Ankangolira m'mimba, ife tinkati akuthawa sukulu.

Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kukiliniki kunabwera anthu oyeza magazi a ana. Ndinawaperekeza amai kukamuyezetsa Yohane. Nesi anayang'ana pepala, kenako anayang'ana amai kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amai, mwana uyu ali na mtovu wambiri mu magazi. Mumasesa kangati pa nyumba?"

"Kawiri pa tsiku, ba nesi," anayankha amai monyada.

"Ndiye vuto yamene iyo! Mtovu uli mu fumbi. Muzithira manzi mukalibe kusesa. Shangani kapinga, mubzale pabwalo ponse. Muzimupatsa mkaka na mazira."

"Nanga mankhwala?"

"Kulibe, anasila," anatero nesi, kutanthauza kuti anatha.

Madzi! Pampopi pathu pankatha masiku osadontha ngakhale kadontho, madzi akumwa tinkakatunga kutali pamutu, ndiye tiwathire pansi? Mkaka ndi mazira, atate akungodalira maganyu?

 Titafika kunyumba amai anakhala pakhonde n'kuyamba kulira mokweza, "Mayo ine, ndamuwononga ndekha mwana wanga!" Ine ndinakabisala kuseri kwa nyumba. Ndinkadziwa amene ankagwira tsache, ndinkadziwanso msana umene mwanayo ankapumirapo fumbi. Ndinakula ndi mlandu umenewo pamtima, ndipo sindinauzeko munthu.

Lero ndine mai wa ana atatu, ndipo manyazi aja anasanduka ukali. Inde, ndakwiya, sindibisa. Amene anakumba mtovu ananyamula chuma n'kutisiyira phiri la zinyalala zapoizoni. Maboma asinthana, aliyense ndi nyimbo yake, koma dothi ndi lomwe lija. Akuluakulu akabwera kudzationa amatseka magalasi a galimoto, amanyamula madzi awoawo a m'botolo, amayankhula chizungu chosalala n'kubwerera ku Lusaka dzuwa lisanapendeke. Ndalama za magalimoto atsopano ndi misonkhano ya m'mahotela sizisowa. Ukangotchula zochotsa dothi limene ana athu akukwawamo, basi, mudikire kaye. Ana awo akanamadya dothi limeneli, bwenzi Kasanda yense atafukulidwa ndi zikhadabo!

Chimene ndinaphunzira n'chakuti wosauka akadwala, amamuuza kuti wadzidwalitsa yekha. Poizoni anathira ndi ena, koma mlandu anausenzetsa mzimai wosesa pakhomo pake ndi kamtsikana komvera amake.

Yohane analekera sukulu mu giredi 4. Pano amaswa miyala paphiri lomwe lija n'kumagulitsa, poti kwina kulikonse amamubweza. Amai atatsala pang'ono kutisiya, anamuitana pambali pa bedi, namugwira dzanja.

"Yohane mwana wanga, undikhululukire."

Iye sanamvetse n'komwe chimene ankapepesa. Mpaka lero, m'dziko lonse lino, munthu amene anapepesapo kwa Yohane ndi amai okha.