Anasesa Nyenyezi za Mwana Wanga

"Nyenyezi zili kuti?"

Ndinafunsa kawiri. Mnyamata wa pa situdiyo anandiyang'ana ngati ndapenga. Pa kauntala panali chithunzi changa, chachikulu, chili kale m'felemu. Chakuda bii. Pansi kanyumba ngati kosungunuka. Kumwamba mabokosimabokosi otuwa ngati bulangete lakale. Nyenyezi zotsala zowerengeka, zonenepa ngati mazira ophwanyika.

Ndiyambe bwino kuti mumve. Ine ndimathyola tiyi ku esiteti kuno ku Thyolo. Zolembalemba sindizikonda. Koma izi ndilemba.

Mwana wanga Lonjezo ankagwira ntchito ku Joni. Chaka chatha nthawi yozizira anabwera ndi kamera. Usiku wina magetsi a ku fakitale atazima, anaikhazika pa mpando kuseri kwa nyumba n'kuilozetsa kumwamba. Anatiletsa kuyenda pafupi, ati ikangogwedezeka zonse zawonongeka. M'mawa anationetsa. Nyumba yathu pansi, tiyi kumbuyo, kumwamba nyenyezi ngati mchenga. Mlalang'amba wonse. Akakuza malo amodzi, kadontho kamodzi kankasanduka nyenyezi zitatu. Amayi ake anangoti, "Zonsezi zimakhala pamwamba pa denga langa?" Anawasiyira kakhadi ka memore, momwe munali chithunzicho. Ati sungani, ndikabwera pa Khirisimasi tidzatsukitsa chachikulu.

Pa Khirisimasi anabwera m'bokosi. Kamera sitinaione. Chinatsala ndi kakhadi kaja, amayi ake atakamanga m'kansalu pansi pa sutikesi.

Loweruka likubwerali tikuvundukula chiliza. Amayi ake apempha chinthu chimodzi: chithunzicho chikhale pakhoma abale akamafika. Msomali anakhoma kale okha.

Lolemba ndinatsanzika kwa kapitawo, n'kukwera kabaza mpaka pa Boma. Dzina la situdiyo sinditchula, eni ake akudzidziwa. Pakhomo analemba kuti amatsuka zithunzi, amaika nyimbo m'makhadi, amatchaja mafoni. Ndinam'patsa mnyamatayo khadi. Ndinamuuza kuti mwini wake anamwalira, china kulibe. Iye ati, "Osadandaula madala, ife ndi akatswiri." Maso ali pa foni. Ati ndibwere Lachitatu.

Lachitatu ndi limenelo ndinapeza bulangete lija.

Ndinati afotokoze. Anafotokoza, monyada. Ati kompyuta yawo siwerenga khadi, polowetsera panafa kalekale. Ndiye anaika khadi m'foni mwake n'kutumiza chithunzi ku kompyuta pa Watsapu. Ati chinali cholemera kwambiri, koma Watsapu ndi yanzeru, imachifinya kuti chipepuke, bandulo isathe. Ndinafunsa kuti chikafinyidwa chimene chimatayika n'chiyani. Ati tinthu ting'onoting'ono basi, tosafunika.

Tinthu ting'onoting'ono. Achimwene, kodi nyenyezi ndi maungu?

Sanalekere pomwepo. Chitafika pa kompyuta chinali chitachepa. Anachikoka m'makona kuti chidzaze pepala lalikulu. Mabokosi aja anabadwa choncho. Kenako ati anaona tizinyalala toyera tambirimbiri kumwamba, ngati fumbi la pa galasi. Anatipukuta ndi kompyuta kuti pasalale. Ati ntchito imeneyo sanandilipiritse, wangondichitira ulemu.

Ulemu!

Ndinadzigwira. Ndinati chabwino, bweretsa khadi langa, ndikatsukitsa ku Limbe. Analitulutsa m'kabati, akumwetulira.

"Ndakuikirani nyimbo madala, zauzimu zokhazokha, poti munati kunali zovuta. Ladzaza mpaka pakamwa. Bonasi."

"Nanga chithunzi?"

"Khadi lanu limavuta, limapempha fomati."

"Fomati n'chiyani?"

"Kusesa zonse, kuti likhale latsopano. Koma musade nkhawa, chithunzi chilipo pa Watsapu."

Chofinyidwa chija.

Ndinaitanitsa mwini situdiyo. Anabwera akukukuta chimanga chootcha. Anayang'ana chithunzi, kenako ine. Ati, "Bambo, usiku ndi mdima. Mumafuna muone chiyani?" Ati makamera a ku Joni ambiri ndi abodza. Ndiye ati nyenyezi sizinathe padziko, mnyamata wake atha kutenga zina pa intaneti n'kuzimata pamwamba pa nyumba yanga, zokongola kuposa zoyambazo. Ati mayi sadzazindikira.

Mayi amene anabereka mwanayo. Amene anagwira kamerayo ndi manja awiri, akuwerenga tinyenyezi ta pamwamba pa mtengo wa mapeyala. Sadzazindikira.

Wina wodziwa za makina wandiuza dzulo kuti khadi likangosesedwa, nthawi zina zinthu amazibweza. Koma ukadzaza nyimbo pamwamba, ndiye wakwirira. Bonasi ija ndi imene inamaliza.

Ndiye ndikufunsa inu a situdiyo. Munthu wopukuta nyenyezi poyesa zinyalala, anamuika ndani pa makina? Khadi la mwini wake mumasesa osafunsa? Makina anu atafa, kungonena kuti bambo sitingathe, pitani kwina, kukanakuthyolani pakamwa? Ife tikasakaniza masamba okhwima m'dengu, amatibweza pa sikelo pomwepo, anthu akuona. Inu amakubwezani ndani?

Anzanga a ku Khonjeni, a ku Chimaliro, a m'malaini a esiteti: mukapita ndi khadi, musalisiye. Imani pomwepo, muziona. Mukangomva kuti Watsapu, landani khadi lanu muzipita. Chimene chafinyidwa sichibwerera, ngakhale achikoke mpaka mawa.

Tsiku lija, abwana ake atanena zomata nyenyezi, mnyamatayo sanadikire n'komwe kuti ndiyankhe. Anali atatsegula kale intaneti. Anatembenuza kompyuta kuti ndione.

"Sankhani madala. Izi ndi za ku Amereka, zowala bwino."

Ndinayang'ana. Zinali zambiri ndithu. Zofiira, zobiriwira, zina ngati maluwa. Za eni ake.

Ndinatola khadi n'kuliika m'thumba la malaya. Felemu ndinaisiya pa kauntala pomwepo, pafupi ndi chitsononkho cha abwana.

"Madala! Chithunzi chanu!"

Sindinacheuke.